Kalata ya NHS ndi Maselo Obisala m'Khomo la Chiberekero

Kuno ku Mangalande mayi sadikira kumva kupweteka kuti akayezetse khomo la chiberekero. Kalata imamupeza yokha. Amayi a zaka 25 mpaka 64 amene analembetsa kwa dokotala wa m'dera lawo, yemwe amangomuti GP, amaitanidwa ndi NHS, bungwe la boma la zaumoyo, ndipo salipira kanthu. Dongosolo la makalatali linayamba mu 1988, ndipo kuchokera kumapeto kwa 2019 amayamba afufuza kachilombo ka HPV, kakapezeka m'pamene amaunika maselo.

Zotsatira zikavuta, ambiri amauzidwa za CIN, kusintha kwa maselo a pamwamba pa khomo pomwe diso limafika. Ochepa amamva mawu akuti CGIN. Awa vuto lawo lili m'maselo otulutsa chikazi, amene akuta kanjira kolowera m'chiberekero. Si khansa ayi, koma akalekereredwa akhoza kusanduka khansa, ndipo HPV ya mtundu wa 18 imapezekamo kawirikawiri. Madokotala akangokayikira zotere, mayi amayenera kuonedwa pasanathe milungu iwiri ndi makina okuza zinthu otchedwa colposcope.

Maselowa amachita za nankafumbwe: kunja njere yosalala, mkati ntchito ikuyenda. Nthawi zina amadumpha malo n'kukayambanso chapatsogolo.

Kumudzi ku Malawi anthu akudziwa njira ya viniga. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, pamene payera amawotchapo tsiku lomwelo, monga chipatala cha Nkhoma chinatchukira nazo mothandizana ndi a ku Scotland. Njirayi ndi yoyenera pa maselo a pamwamba, ndipo mayi wochokera kutali amabwerera kwawo atathandizidwa. Koma pa CGIN madokotala a kuno sawotcha. Viniga saonetsa zamkati, ndipo chimene chapsa palibenso angachiyeze. Amadula basi.

Kudulako kumatchedwa LLETZ, komwe m'zipatala zazikulu za kwathu amati LEEP. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako kawaya kopyapyala kopindika, koyenda magetsi, kamachotsa kachidutswa ka khomo. Pakangotha mphindi pafupifupi 15 mayi amavala n'kupita kwawo, ndi lamulo loti asakhale malo amodzi ndi bambo kwa milungu inayi, lomwe bambowo ayenera kulimva ndi makutu awo. Kachidutswako kamapita ku labotale kukaona ngati m'mphepete mwake muli moyera. Mukapezeka maselo oipa, kagulu ka akatswiri kamakambirana, ndipo kawirikawiri amadulanso.

Apa m'pamene pali pofunika kufunsa. Kwa mayi wosakwana zaka 36 amene akufunabe ana, amalowa m'kanjira kaja sentimita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Kwa wokulirapo amafika masentimita awiri mpaka awiri ndi theka. Kudula mozama kumachotsa zambiri, komanso kumakweza mpata woti mwana adzabadwe masiku asanakwane. Ambiri amabereka bwinobwino, malinga auze azamba msanga kuti anadulidwapo. Kuchotsa chiberekero, kumene achibale kumudzi amayamba kuopa, kumaganiziridwa makamaka kwa amene anamaliza kubereka kapena pamene kudula kwalephera kuyeretsa.

Chovuta kwenikweni chimadza pambuyo. Mayi amayezedwanso HPV pakatha miyezi 6, kenako pakathanso miyezi 12, ndipo zonse zikakhala bwino amaitanidwa pakapita zaka zitatu. Kwa ochuluka vutoli silibwereranso, komabe chiopsezo chawo cha khansa chimakhalabe chokwererapo kwa zaka 20 kapena kuposa. Tsono Amalawi ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba amasamukasamuka, lero Leicester mawa Manchester, kalata n'kumagwera m'nyumba yakale. NHS imangodziwa adiresi imene ili kwa GP, ndipo kulembetsa kwa GP watsopano n'kwaulere, safunsanso za mapepala okhalira m'dziko.

Wobwerera kumudzi atenge pepala la zotsatira za ku labotale, akauze namwino kuti inali CGIN, n'kupempha kuyezedwa HPV kumene kukupezeka.