Matailosi Akale a Dongo Loocha

Munthu ali yense wokhala ku komboni kapena m'tauni adziwa khalidwe la pansi pa simenti. Mai wa pa nyumba apakapo polishi wofiira, napukuta kufikira pawala ngati kalirole. Koma pakapita masabata owerengeka, pa khomo pamene anthu aponda kawiri-kawiri payamba kutuwa, ndipo simenti ionekera. Cifukwa cace n'cakuti kufiirako kuli pamwamba pokha, monga cobvala pa thupi.

Ku Britain kuli mtundu wina wa pansi pa nyumba umene sutero. Ndiwo matailosi a dongo loocha amene anapangidwa m'masiku a Mfumukazi Victoria, imene inalamulira kuyambira 1837 kufikira 1901. Pamene nyumba zakale zigumulidwa, alipo anthu amene nchito yao ndiyo kuzula matailosi amenewa, kuwatsuka ndi kuwagulitsa kuti akayalidwenso m'nyumba zina, ndipo nthawi zambiri mtengo wace upambana wa matailosi atsopano a m'sitolo. Nanga cinthu cimene capondedwa zaka zoposa 120 cikhala bwanji ndi mtengo wotere? Yankho liri m'kapangidwe kace.

Kumene luso linacokera

M'zaka za m'ma 1200 amisiri a ku England ndi ku France anali kupanga kale matailosi a maluwa a m'machalichi, m'nyumba za amonke ndi za mafumu. Ena a matailosi amenewo akalipobe ku Westminster Abbey, mu London, m'cipinda cochedwa Chapter House, m'mene anayalidwa ca m'ma 1250. Koma pamene Mfumu Henry VIII inatseka nyumba za amonke, pakati pa 1536 ndi 1541, ogula anacepa, ndipo pang'ono ndi pang'ono luso linaiwalika.

Mu 1830 munthu wina dzina lace Samuel Wright, wa ku Shelton, analandira kalata ya boma yotsimikiza kuti iye ndiye mwini wa njira yatsopano yopangira matailosi a mtundu wakalewo. Iye mwini sanapindule nayo kwambiri. Amene anaigwiritsa nchito zolimba ndi Herbert Minton, mwini wa fakitale youmba mbale ku Stoke-on-Trent, mzinda umene unachuka ndi nchito ya dongo monga momwe Kitwe ndi Mufulira zachukira ndi mkuwa.

Kapangidwe kace

Mmisiri ayamba wakonza cikombole ca pulasitala woyera, wonga uja madokotala amangira pfupa lothyoka. Pansi pa cikombolemo pali maluwa otukuka. Dongo lofewa likatsinderedwa m'menemo lituruka liri ndi maenje ndi mizera ya maluwa aja, yakuya pafupi-fupi gawo limodzi la magawo 8 a inchi. M'maenjemo mmisiri athira dongo la mtundu wina, losungunula ndi madzi ngati phala, kufikira nkhope yonse ya tailosi yakwiririka. Likauma pang'ono, atenga mpeni wa citsulo napala pamwamba, ndipo maluwa aonekera bwino lomwe, osasakanizika ndi dongo la m'mbali. Pambuyo pace tailosi liumitsidwa pang'ono-pang'ono masiku ambiri, ndipo liochedwa mu uvuni pa moto woposa madigiri 1,000. Matailosi otere pa Cingerezi achedwa encaustic.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Maluwa a tailosi lotere sali utoto wopaka, koma dongo leni-leni lolowa m'thupi mwace. Mapazi akadya pamwamba, pansi pace papezeka mtundu womwewo, monga momwe mtengo wa mukwa ukhalira wofiirira ngakhale mmisiri aupale kangati.

Nchitoyi inambvuta Minton zaka zingapo, pakuti dongo liri lonse lifota pouma ndi pakupsya, koma silifota mofanana. Woumba mbiya adziwa kuti mbiya ya dongo losasakaniza bwino ing'aluka pa moto. Comweco dongo la maluwa likafota kopambana la thupi, maluwa anali kuguluka n'kugwa. Ndipo tailosi lokhala ndi dongo losalala mbali imodzi yokha linali kupindika. Mankhwala ace anali kusankha madongo ofota mofanana, ndiponso kuika dongo losalala kumaso ndi kumbuyo komwe, lokhakhala pakati, ndi kuboola timaenje kumbuyo kuti cinyontho cituruke. Kumbuyo komweko anadindako dzina la fakitale, ndipo cidindo cimeneco cithandiza ogula kufikira lero.

Mitundu inacokera m'nthaka momwemo. Kufiira kudza ndi citsulo cimene ciri m'dongo, kuda kudza ndi manganizi, ndipo kubiriwira konga kwa thambo kudza ndi kobalti, mwala womwe uja wakhala ukuturuka pamodzi ndi mkuwa pa mgodi wa Nkana.

Kuchuka kwace

Nyumba ya Malamulo ya ku London itapsya mu 1834, inamangidwa yatsopano, ndipo pansi pace anayalapo matailosi a Minton, maluwa ace atajambulidwa ndi Augustus Pugin. Kuyambira 1856 matailosi a fakitale yomweyo anayalidwa m'zigawo zatsopano za Capitol, nyumba ya malamulo ya ku Washington. Ku Liverpool, m'holo ya St George's Hall imene inatsegulidwa mu 1854, muli matailosi pafupi-fupi 30,000. M'zaka za m'ma 1860 anawabvundikira ndi matabwa kuti anthu azibvinapo, ndipo cifukwa ca cimeneco asungika ngati a dzulo. Matabwawo acotsedwa nthawi ndi nthawi kuti anthu akaone.

Matailosi amenewa anali a anthu a cuma. Amene anafika m'nyumba za anthu wamba anadza ndi njira yina. Mu 1840 Richard Prosser wa ku Birmingham anapeza njira yopanga mabatani a malaya mwa kupanikiza dongo lopera ngati ufa pakati pa zitsulo ziwiri. Minton anaona kuti makina otero angathe kupanganso matailosi, ofulumira kuuma ndiponso osapindika. Motero munaturuka timatailosi ta mtundu umodzi-umodzi, tofiira, takuda, toyera ndi tacikasu, ta ngondya zitatu, zinai kapena zisanu ndi imodzi, timene amisiri analukanitsa pansi monga mkazi alukira mkeka. Timeneti mtundu wace uli thupi lonse, kuyambira kumaso kufikira kumbuyo. Tinayalidwa m'makonde, m'tinjira ta pa khomo ndi m'makhichini a nyumba zosawerengeka. Kampani ya Maw & Co. inatsegula fakitale ku Jackfield, m'mbali mwa mtsinje wa Severn, mu 1883, imene inafika poturutsa matailosi oposa 20 miliyoni pa caka.

Koma maso a anthu sakhalira kukonda cinthu cimodzi. Nkhondo ziwiri zazikuru zitapita, anthu anayesa matailosi a maluwa cinthu cacikale. Ambiri anawabvundikira ndi makapeti ndi matailosi opyapyala a pulasitiki, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 misewu yathunthu ya nyumba zakale inagumulidwa, matailosi ace natayidwa pamodzi ndi zidutswa za njerwa. Amene anapulumuka ndiwo afunidwa tsopano.

Kuzula kwace

Ngati tailosi lidzaona nyumba yaciwiri kapena iai, mlandu unaweruzidwa kale ndi mmisiri amene analiyala poyamba. Amene anayalidwa pa matope a laimu ndi mcenga azuka bwino, pakuti laimu ndi wofewa kopambana tailosi, ndipo pokanganula cimene cisweka ndi matopewo. Koma amene anayalidwa pa simenti yolimba agwirana nayo ngati mwala umodzi, ndipo ambiri asweka pozula ngakhale mmisiri acenjere cotani.

Wozula wodziwa nchito yace ayamba wajambula cithunzi ca pansi ponse, nalemba manambala, kuti maluwa adzabwerere m'malo mwace. Sayambira pakati, koma m'mphepete kapena pa tailosi logwedera kale. Alowetsa citsulo copyapyala pansi pace cogoneka, nagogoda pang'ono-pang'ono ndi nyundo yaing'ono. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofulumira pa nchito imeneyi atsala ndi mapale okha-okha. Pambuyo pace matope otsalira kumbuyo apalidwa tailosi limodzi-limodzi. Nchito ya manja imeneyi, pamodzi ndi ambiri aja osweka, ndiyo ikweza mtengo.

Zoyenera kuzindikira wogula

Coyamba, wogula ayenera kufunsa kumene matailosi anacokera. Popeza ali ndi mtengo, akuba awazula m'machalichi ndi m'nyumba zopanda anthu. Ku Britain lamulo liletsa kucotsa zinthu zotere m'nyumba zimene boma linazilemba kuti zisungidwe, popanda cilolezo. Wogulitsa woona mtima sacita manyazi kunena dzina la nyumba imene anazulamo.

Caciwiri, alipo matailosi ena a maluwa amene ogulitsa awachanso encaustic, koma ali a simenti yothira utoto, osapita pa moto. Nawonso ndi akale, pakuti anayamba kupangidwa ku France ndi ku Spain m'zaka za m'ma 1800, ndipo ali ndi ubwino wao. Koma amwa madzi ndi mafuta msanga, ndipo asidi awadya. Kuwazindikira kwace n'kutembenuza: kumbuyo kwa la simenti n'kotuwa ndi kwa mcenga-mcenga, pamene la dongo lioneka ngati njerwa yosalala. Tailosi lamoyo likagogodedwa ndi kacitsulo lilira ngati mbale. La mng'alu wobisika lilira mogonthera, monga icitira mbiya yong'aluka.

Cacitatu, miyeso isiyana. Matailosi ambiri a maluwa ali mainchi 6 mbali zonse, ndiwo masentimita 15 ndi pang'ono. Koma oyambirira anali ocindikala pafupi-fupi inchi yathunthu, pamene a pambuyo anali ngati theka la inchi. Woyala ayenera kuwasankha monga mwa kucindikala kwace asanayambe, apo phuluzi pansi padzakhala zitunda zopunthwitsa ana ndi nkhalamba. N'kwanzerunso kugula oonjezera, pakuti akaperewera, sitolo yokagulako ofanana nao palibe.

Ngozi ya pfumbi

Anthu a ku migodi, amene apita ku Kitwe kukapimidwa cifuwa, safuna wowauza za pfumbi la miyala. Nthenda yomweyo ya silikosisi inapha oumba ambiri a ku Stoke-on-Trent, amene anapuma pfumbi la dongo ndi la miyala yopera tsiku ndi tsiku. Dokotala wina wa kumeneko, John Arlidge, anatha zaka zambiri akulemba za mapapo ao. Pfumbi limenelo likali m'tailosi. Wodula tailosi kapena wopala simenti ya kumbuyo ndi makina ayenera kuthirapo madzi, kugwira nchitoyo pabwalo, ndi kubvala cochinga mphuno ceni-ceni, osati kansaru cabe.

Ngozi yina iri m'zobvundikira zija. Matailosi ambiri a pulasitiki a m'zaka za m'ma 1950 kufikira 1980, pamodzi ndi guluu wakuda wowamatira, anali ndi asibesitosi, amene Britain inamletsa kotheratu mu 1999. Tailosi lakale lokhala ndi guluu wakuda kumaso siliyenera kukwechedwa louma, kufikira odziwa atapima guluuyo.

Kusamala kwace

Matailosi akayalidwa, safuna zambiri. Madzi ofunda pang'ono, sopo wosawawa ndi burashi yofewa zikwanira. Burashi ya waya ikanda nkhope, ndipo asidi waukali adya matope a m'mizera. Vanishi wotseka ngati galasi ndi woipanso, makamaka pa nyumba yopanda cochinga cinyontho pansi pace, pakuti madzi a m'nthaka asowa poturukira, ndipo pamwamba pamera mcere woyera.

Ngakhale ziri tero, tailosi lotere liri ndi malire ace. M'Nyumba ya Malamulo ya ku London, m'makonde m'mene makamu a anthu anapita zaka zoposa 150, mapazi anadya dongo la maluwa kufikira linatha, ndipo panatsala thupi lokha. Panafunika nchito ya zaka zingapo, imene inatha mu 2021, yocotsa otheratuwo ndi kuika atsopano. Atsopanowo anapangidwa ndi kampani ya Craven Dunnill ya ku Jackfield, ndi manja, mwa njira yomwe ija ya cikombole, phala la dongo ndi mpeni wopalira.

Cifukwa cace wogula wanzeru sayang'ana kumaso kokha. Atenga tailosi limodzi, nalipenyetsetsa m'mbali, makamaka pamene pabenthuka, monga wa mu mgodi apenyera mzera wa mkuwa m'thanthwe. Pamenepo aona kuya kwa dongo la maluwa limene latsala. Likakhala lopyapyala ngati pepala, tailosilo lagwira kale nchito yace, ndipo liyenera kuikidwa pa khoma kapena m'ngondya m'mene anthu sapondamo. Likakhala lakuya ndithu, angathe kuliyala pa khomo peni-peni, ndipo adzukulu ace adzapondapo maluwa akali omwewo.