Kabuku ka Mlimi wa Fodya

Ndalama imene imalembedwa pamwamba pa pepala la malonda ku okushoni si phindu ayi. Alimi ambiri amasokonezeka pamenepa. Fodya akagulidwa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, mtengo umatchulidwa m'madola a ku America, ndipo mlimi akaumva mtima umakhala m'malo. Koma ndalamayo isanafike ku banki amayamba achotsapo za msika, msonkho, ziguduli, zonyamulira mabelo, ndiponso ngongole ya feteleza ngati mlimiyo ali pa mgwirizano ndi kampani. Yotsalayonso si phindu, chifukwa m'menemo muli ndalama zonse zimene munaononga kuyambira tsiku lofesa nazale.

Njira yodziwira phindu ndi kulemba. Gulani kabuku wamba konga ka ana a sukulu. Tsamba la kumanzere likhale la zotuluka, la kumanja la zolowa. Lembani tsiku, chinthucho, ndi ndalama yake, ndipo lembani tsiku lomwelo, chifukwa za mwezi wa December palibe amazikumbukira bwino pofika June.

Matumba a feteleza ndi mankhwala a nazale aliyense amakumbukira. Zimene zimamaliza ndalama mwakachetechete ndi zing'onozing'ono: milimo ndi udzu wokonzera chigafa, ulusi wosokera, aganyu opalira ndi othyola, kubwereka jeke, ulendo wokalembetsa chiphaso. Chimanga chimene mwatapa m'nkhokwe kupatsa antchito chilembeni pa mtengo wa kumsika, pakuti mukadachigulitsa. Masiku amene inu ndi akazi anu mwagwira m'munda alembeninso monga ganyu. Ena amaseka akamva zimenezi, ati munthu sadzilipira yekha. Komatu mlimi wosawerengera thukuta la banja lake amaganiza kuti wapindula pamene wagwira miyezi isanu ndi inayi ulele.

Malonda akatha, phatikizani zotuluka zonse, ndipo muzigawe ndi makilogalamu amene mwagulitsa. Tiyerekeze kuti mlimi waononga K1,200,000 ndipo wagulitsa makilogalamu 600. Ndiye kuti kilogalamu iliyonse yamudyera K2,000. Mnzake waononga ndalama yomweyo, koma anaokera ndi mvula yoyamba, anathira feteleza pa nthawi yake, ndipo wagulitsa makilogalamu 800. Iyeyu kilogalamu yamudyera K1,500 basi. Onsewa atagulitsa pa K1,900, woyambayo waluza K60,000, wachiwiri watsala ndi K320,000. Msika ndi umodzi, wogula ndi mmodzi. Nambala imeneyi ndiyo imene idzakuuzeni ngati chaka chamawa muonjeze munda kapena muuchepetse kuti feteleza akwane. Kawirikawiri munda waung'ono wosamalidwa bwino umaposa waukulu wodyetsedwa mopereweza.

Kwa inu olima pa maesiteti, kabuku n'kofunika koposa. Kale tenanti ankatenga chimanga, mchere, khasu ndi feteleza pa ngongole, ndipo buku linali limodzi, la mwini esiteti. Pofika tsiku lowerengera tenantiyo analibe poyankhira, ena nkubwerera kwao chimanjamanja. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti wotere, kotero wolima pa esiteti ayenera kulembedwa ntchito ndi kulandira malipiro. Tsono lamulo lingakuthandizeni bwanji ngati simudziwa masiku amene mwagwira? Lembani masikuwo, lembani chilichonse chimene mwalandira, ndipo kapitawo asaine pambali. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sitandade 6 angathe kukulemberani.

Inu eni minda ndi apampando a makalabu, musamabise buku. Pakutha pa mwezi uliwonse itanani anthu anu, muwawerengere mokweza zimene aliyense watenga ndi zimene wagwira. Cholakwika chimapezeka chikadali chaching'ono, ndipo munthu wodziwa bwino zimene adzalandire sazembetsa fodya usiku kupita naye kwa mavenda.

Mapepala onse a malonda ndi malisiti aphanikeni kumapeto kwa kabukuko, ndipo mukasunge m'jumbo la pulasitiki kuopa chiswe ndi kudontha kwa denga. Popita kukalembetsa chiphaso cha chaka chamawa ku Tobacco Commission, yambani mwaonetsa kabukuko kwa alangizi a m'dera lanu kuti muwerengere limodzi makilogalamu amene mungakwanitse.