Laputopu ya kaunjika musaitaye msanga

Inu amene munagula laputopu ya kaunjika, tcherani khutu. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe makina ambiri akale alibe. Ndiye kuti ndalama zija zalowa m'madzi? Ayi ndithu.

Kuli Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali pasukulu ku Helsinki. Ndi yaulere, abale. Linux Mint Xfce imayenda pa RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiye pabwino.

Chowawa ndi bandulo basi, poti fayiloyo imaposa 2GB. Mukaikopera, iikeni pa flash ndi pulogalamu ya Rufus, muyatse makinawo kudzera pa flashyo. Musathamange: yesani kaye Wi-Fi ndi mawu musanaikhazike. Zithunzi zaukwati ndi ma CV sungani pena, chifukwa mukasankha kufufuta disiki, zonse zapita.

LibreOffice imatsegula makalata a Word bwinobwino, koma a Photoshop mudandaula. Batire lakufa nalo Linux singalidzutse, magetsi akathima muzingoyang'anana.