Mutu 7: Riveti Wokhota ndi Bowo Lokula

Munthu amene wagula zipangizo za ndege ku kampani ya Van's Aircraft, ya ku Aurora m'chigawo cha Oregon, imene anaiyambitsa Richard VanGrunsven, nazitutira m'garaja mwake kuti amange yekha ndege ya mtundu wa RV, adziwiretu kuti asanaione ikuuluka adzakhala atakhoma mariveti oposa 10,000, ndi kuti pa unyinji wotere sipangalephere kupezeka ena okhota, ena ophwatalala, ena ong'aluka. Chondiwawitsa mtima n'chakuti ophunzira ambiri, amene mwa chizolowezi amayambira kumchira kwa ndege, amaononga ntchito yawo kwambiri pokonza cholakwa kuposa pochilakwa.

Tiyeni titsate zinthu mwa dongosolo lake: kuyeza, kuweruza, kuchotsa ndi kubwezeretsa. Pokhoma riveti, nyundo ya mpweya imagunda kumutu kwake pamene mnzanu watsamiritsa chitsulo cholemera, chotchedwa bucking bar, kuseri kwa lata, ndipo nsonga ya rivetiyo imafutukuka n'kusanduka mutu wachiwiri. Muyeso wodziwika ndi wakuti mutu wachiwiriwu m'lifupi ukhale kamodzi ndi theka kunenepa kwa thunthu la riveti, ndipo msinkhu wake ukhale theka la kunenepako. Koma muyeso umenewu ndi chandamale chabe, si lamulo la Amedi ndi Aperisi. Wophonya pang'ono sanachimwire ndege yake.

Pakuti mphamvu ya riveti siigona m'maonekedwe a mutu, koma m'thunthu, limene potupa limadzaza bowo lonse osasiya mpata, kotero kuti malata awiri amene riveti walumikiza sangatsetserekane ngakhale mphepo iwakoke motani. Tsono taganizani bowo la dirilo ya nambala 40, lobooledwera riveti wa 3/32 ya inchi, pa lata la aluminiyamu la 2024-T3 lochindikala 0.025 ya inchi yokha. Mmisiri wamanyazi, poona mutu wopendekeka pang'ono umene ukadagwira ntchito zaka zonse za ndegeyo, alasapo dirilo. Dirilo iterereka, idya m'mbali, ndipo bowo lobulungira bwino lija lisanduka lachowulungika. Riveti watsopano akalowamo sadzaza, amapindikira kumene kuli mpata, chikhalirecho pamwamba akuoneka wosalala ndi wokondweretsa maso. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo popeza mtima wa wolakwa sukhazikika, ena amaboolanso kachiwiri ndi kachitatu, kufikira nthiti ya phiko imene inali yamphumphu iyenera kuitanitsidwa ina.

Sindikunena kuti riveti aliyense asiyidwe. Wong'aluka achoke, amene wagwera mbali imodzi mpaka m'mphepete mwa bowo mukuonekera achoke, amene mutu wake wasiya mpata pakati pa iwo ndi lata achokenso. Za kung'alukaku ndinenepo pang'ono: aluminiyamu imauma pamene ikugundidwa, choncho wamantha amene amachepetsa mpweya namagogoda nthawi yaitali ndiye amang'alula mariveti ambiri kuposa wogunda mwamphamvu ndi mwachidule.

Ngati kuchotsa kwafunikadi, yang'anani kadzenje kali pakati pa mutu wa riveti wa mtundu wa AD. Kadzenjeka ndi chizindikiro cha aluminiyamu ya 2117, koma kamathandizanso kutsogolera dirilo kuti iyambe pakati penipeni. Boolani kuzama kwa mutu wokha, musapyole; lowetsani panchi m'bowolo ndi kuthyola mutuwo; kenaka, mutachirikiza lata kuseri kwake kuti lisapindike, kankhani thunthu lituluke. Dirilo isakhudze lata konse.

Bowo likakula ndithu, alipo riveti wa NAS1097, amene omanga ndege amamutcha oops rivet, wa thunthu la 1/8 ya inchi koma wa mutu waung'ono wokwana pamalo pa woyamba uja. Bowo lake ndi la dirilo ya nambala 30. Musanamuike, yezani kuti kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete mwa lata patsale mtunda wosachepera kawiri kunenepa kwake.

Bungwe la EAA, limene anakhazikitsa Paul Poberezny mu 1953, lili ndi alangizi odzipereka amene amayendera omanga ndege kwaulere. Riveti amene mukumukayikira mumulembe chizindikiro ndi cholembera, mumuonetse mlangizi wotere, ndipo dirilo ikhale kaye m'bokosi kufikira ataweruza.