GOGODELA: MFUTI YA MAKOLO IMENE TSOPANO IKUBVUTITSA ENI AKE

M'midzi ya m'cigwa ca Luangwa, kuyambira ku Chama kutsikira ku Malambo mpaka kumene Luangwa athira m'Zambezi, ndi anthu ocepa amene sadziwa kulira kwa gogodela. Iyi ndi mfuti ya kale ija yothirira onga kukamwa, imene mlenje amayamba watsindira bwino ndi kamtengo asanaombe. Ikalira imagunda ngati bingu, ndipo utsi wake umaphimba mwini wake. Zambiri mwa mfuti zimene zatsala lero sizinacokere ku sitolo iri yonse, koma zinasulidwa m'midzi momwemo.

Kwa zaka zambiri mfuti imeneyi inali cuma ca banja. Inkabweretsa ndiwo pakhomo ndi kupirikitsa zirombo m'munda. Koma masiku ano banja limene likuisunga lisenza mabvuto awiri akulu: ngozi ya kuphulika kwa mfutiyo, ndi mlandu wa ku khoti. Nkhani ya kuisunga kapena kuipereka ku Boma yakhala yogawanitsa akulu ndi acinyamata m'mabanja ambiri.

MMENE INAFIKIRA KUNO

Makolo akale ankasaka ndi mauta, mikondo, mbuna ndi maukonde, ndipo pa uzimba mudzi wonse unkaturuka pamodzi ndi agalu. Mfuti zinayamba kucuruka m'zaka za m'ma 1800 cifukwa ca malonda a minyanga ya njobvu ndi akapolo. Zina zinadzera njira ya Zambezi, kucokera ku Quelimane ndi ku Tete mpaka ku Zumbo ndi ku Feira. Zina zinabwera ndi Ayao ndi Aluya ocokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Zambiri zinkapangidwa ku Birmingham m'dziko la England ndi ku Liège m'dziko la Belgium, ndipo zina zinali mfuti zakutha zimene asilikali a ku Ulaya anali atazileka.

Amene anachuka nazo kwambiri ndi Acikunda, amene poyamba anali asilikali ndi alenje a Apwitikizi a m'mbali mwa Zambezi. Atsogoleri ao monga Kanyemba ndi Matakenya anasautsa Ansenga ndi mitundu yina ya kumunsi kwa Luangwa, kufuna minyanga ndi anthu. Mafumu ataona zimenezi, naonso anayamba kugula mfuti kuti ateteze malinga ao. Mwambo unali wakuti njobvu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu mwini dziko.

Si mitundu yonse imene inaikonda mfuti. Angoni a Mpezeni anakhulupirira nthungo ndi cishango, naona kuti kuombera mdani patali si camuna. M'mwezi wa January 1898 anakumana ndi asilikali a Angelezi okhala ndi mfuti zaciwaya, ndipo anagonja. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa mwezi wotsatira.

Atsamunda sanafune kuti munthu wakuda akhale ndi mfuti yamphamvu. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'cigawo cacikulu ca Afirika, koma linalola mfuti zakale ndi onga wamba. Ndico cifukwa cake gogodela inakhazikika m'midzi nthawi imene maiko ena anali ataiiwala kale.

NCHITO YA OSULA

Mfuti yocokera kutali ikaonongeka panalibe sitolo yogulako zitsulo zake. Anthu ankapita nayo kwa wosula, yemwe uja wosula makasu, nkhwangwa ndi mibvi. Osulawo anayamba ndi kukonza zothyoka ndi kusema mtengo watsopano wa mfuti. M'kupita kwa nthawi ena anafika popanga mfuti yathunthu ndi zitsulo zotola. Onga utasowa kapena kukwera mtengo, anthu anaphunzira kupanga wao, ndipo m'malo mwa zipolopolo ankaikamo tizidutswa ta citsulo.

Pakati pa Acewa, Ansenga, Akunda ndi Abisa, kumene mwana amatsata mtundu wa amai ace, mfuti sinali ya munthu mmodzi. Mwini wake akamwalira inkapita kwa mphwake kapena kwa mwana wa mlongo wake, pamodzi ndi udindo wa kudyetsa mbumba. Katswiri wina wa maphunziro, Stuart Marks, anakhala pakati pa Abisa a kwa Mfumu Nabwalya m'zaka za 1966 ndi 1967 kuphunzira za ulenje wao. Iye anapeza kuti alenje enieni anali ocepa m'mudzi uli wonse, kuti ambiri ankagwiritsa nchito gogodela, ndi kuti nyama zimene ankapha kawirikawiri zinali njati, mphala ndi njiri. M'cigwa muli kashembe wopha ng'ombe, motero nyama ya m'thengo ndiyo inali ndiwo ya anthu.

Ulenje unali ndi miyambo yake. Mnyamata sankangotola mfuti ndi kulowa m'thengo. Ankayamba watsata mlenje wamkulu kwa nthawi yaitali, kuphunzira kuwerenga mapazi a nyama, kudziwa kumene mphepo ikucokera, ndi kukwawa mpaka kufika pafupi, pakuti gogodela silasa patali. Nyama ikagwa inkagawidwa mwa dongosolo, ndipo mfumu, akulu ndi akazi amasiye sankaiwalika.

MFUTI YOLUMA MWINI WAKE

Ngozi yoyamba ya mfuti yosula pamudzi iri m'citsulo cake. Mpope wa mfuti ya ku fakitale umayesedwa usanagulitsidwe, kuti aone ngati ungapirire mphamvu ya onga. Mpope wa pamudzi suyesedwa ndi munthu ali yense. Unapangidwira nchito yina, ndipo dzimbiri limaudya m'kati mosaoneka. Ukhoza kuomba bwino zaka zisanu, tsiku lina ndi kung'ambika. Ukatero, dzanja limene laugwira ndi nkhope imene yautsamira ndizo zimayamba kulandira moto ndi zidutswa. Anthu aduka zala, ena acita khungu, ena afa asanafike ku cipatala, popeza midzi yambiri ya m'cigwa iri kutali ndipo m'dzinja miseu imaduka.

Ngozi yaciwiri iri m'onga. Wopanga pamudzi sakhala ndi mphamvu yofanana nthawi zonse, ndipo muyeso wake ndi wa m'maso cabe. Ukanyowa ndi cinyezi umacedwa kuyaka. Mlenje amayesa kuti mfuti yakana, naitsitsa kuti aone, ndipo pomwepo ndi pamene imalira. Akulu anati tsoka silinunkha.

Cacitatu, gogodela imaomba kamodzi kokha. Kuti ithiridwenso onga pamapita nthawi, ndipo njati yolasidwa siyembekeza. Nyama zazikulu zambiri sizifa ndi mfuti imeneyi, zimangothawa ndi citsulo m'thupi. Njobvu kapena njati ya cironda cotere imakhala yaukali, ndipo imene imakumana nayo kawirikawiri si mlenje uja, koma mai wopita kukatunga madzi kapena mwana wopita ku sukulu.

Palinso cizolowezi ca kusunga mfuti iri yothira kale, yobisika m'denga la udzu kapena kuseri kwa nkhokwe, kuopa kuti a Boma angaione. M'nyumba ya ana ndi moto wa pa mafuwa, cinthu cotere cingaphe munthu tsiku liri lonse.

KODI NDIYO INATHA NYAMA?

Alenje akale amadandaula kuti akusenzetsedwa mlandu wa anthu ena, ndipo m'mau ao muli coona. Kuwerenga kwa pa ndeke kwa m'caka ca 1973 kunaonetsa kuti m'cigwa ca Luangwa munali njobvu pafupifupi 86,000, ngakhale kuti gogodela inali itakhalamo zaka zoposa 100. Kuonongeka kwakukulu kunadza pambuyo pake, mtengo wa minyanga ndi nyanga za cipembere utakwera kunja. Magulu otumidwa ndi anthu a ndalama a m'matauni analowa m'thengo ndi mfuti za nkhondo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu zotsala sizinafike ndi theka lomwe. Boma linaletsa kusaka njobvu mu 1982, ndipo mu 1989 maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga. Cipembere cakuda cinalengezedwa kuti catha m'Zambia mu 1998, ndipo mu 2003 zisanu zinacita kubwera pa ndeke kucokera ku South Africa kudzaikidwa m'paki ya North Luangwa.

Komabe gogodela ya lero siinganene kuti ilibe mlandu. Anthu acuruka, minda yafika m'malo amene kale munali nyama zokha, ndipo nyama yowamba iri ndi msika ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Migodi. Mfuti imene kale inkaphera mbumba nyama imodzi pa mwezi, tsopano imaphera wamalonda amene amalipira pang'ono ndi kusiya mlenje yekha pa mlandu.

CIMENE LAMULO LINENA

Lamulo la za mfuti, limene liri Mutu 110 wa malamulo a Zambia, limafuna kuti ali yense wosunga mfuti akhale ndi ciphaso, ndipo kupanga mfuti popanda cilolezo ndi mlandu. Kuti mfutiyo ndi ya colowa ca malume sikumasula munthu pamaso pa woweruza.

Lamulo la za nyama za m'thengo la 2015 limaletsa kusaka popanda ciphaso, ngakhale m'madera ozungulira mapaki m'mene anthu amakhala pamodzi ndi nyama, monga Lupande, Lumimba, Munyamadzi ndi Musalangu. Wopha njobvu kapena cipembere mosaloledwa amalandira cilango ca ndende zaka zosacepera zisanu. Lamulo limalola munthu kudziteteza ngati moyo uli pa ngozi, koma ayenera kukanena msanga kwa oyang'anira nyama. Kuyambira 2016 nchito imeneyi iri m'manja mwa Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama za M'thengo, imene inalowa m'malo mwa ZAWA.

Bambo akamangidwa, cilango cimagwera nyumba yonse. Munda umagonera, ana amaleka sukulu, ndipo mbuzi zimathera pa maulendo a ku khoti.

NANGA MUNDA AULONDE NDANI?

Funso limene mlimi wa m'cigwa amafunsa ndi lolunjika. Njobvu zingathe kutha munda wa cimanga usiku umodzi, ndipo mvuu ndi nguluwe nazo sizigona. Akapereka mfuti, adzaziinga ndi ciani? Funsoli likapanda kuyankhidwa, mfuti zidzapitirira kubisika m'madenga.

Mayankho ena ayesedwa kale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Boma linayambitsa dongosolo la ADMADE, limene linaphunzitsa acinyamata a m'midzi ku Nyamaluma kukhala alonda a nyama, ndi kubwezera ku midzi gawo la ndalama za alendo odzasaka. Lero gawo limeneli limadzera m'mabungwe osankhidwa ndi anthu m'dziko la mfumu iri yonse. Mu 2003 kunayambika bungwe la COMACO, limene limalandira mfuti ndi mawaya ochera nyama kwa alenje, ndi kuwaphunzitsa ulimi wa nsawawa, mpunga, soya ndi njuci, kenaka ndi kugula zokolola zao. Mfuti mazanamazana zaperekedwa mwa njira imeneyi.

Tsabola nayenso wathandiza, pakuti njobvu imadana ndi fungo lake. Alimi amamanga zingwe zopaka tsabola m'mphepete mwa minda, ena amafukiza njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola. M'madera ena alenje akale aikidwa m'magulu olonda minda usiku, ndipo cimene amaombera njobvu tsopano ndi tsabola, osati citsulo. Nzeru zao za kudziwa njira za nyama zikugwirabe nchito, koma popanda kuopa ndende. Njira zimenezi zimayenda bwino pamene minda iri pamodzi ndipo mudzi wonse ulonda mosinthana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Banja limene likali ndi gogodela yopanda ciphaso lingayambe ndi kukaonana ndi nyakwawa kapena mfumu, kuti iwo alitsogolere kwa apolisi kapena kwa oyang'anira nyama. Asaiyese kuiomba kuti aone ngati ikali ndi moyo, ndipo asatume mwana kuinyamula. Nao akulu a za nyama ali ndi mbali yao: kufika msanga pamene mlimi waitana, ndi kuonetsetsa kuti ndalama za nyama zikuoneka m'mudzi monga cipatala, mjigo kapena sukulu. Mlimi akaona kuti munda wake uli ndi mlonda, sadzabvutika kupereka mfuti ya malume ace.