Mfuti yomwe imafuna girizi: kusamalira M1 Garand

Kumapeto kwa thabwa la mfuti ya M1 Garand, mbali yomwe imatsamira paphewa, kuli kachitseko kachitsulo. Munthu akakatsegula amapeza mabowo awiri omwe asilikali a ku America ankasungamo zotsukira mfuti, ndipo mwa zimenezo munkakhala kambiya kakang'ono ka girizi. Anthu ambiri omwe agula mfutiyi koyamba amadabwa nako kambiyaka, chifukwa anazolowera kuti mfuti imadya oyilo. Garand ndi yosiyana, ndipo mwini wake akalephera kumvetsa zimenezi amatha kuwononga m'zaka zochepa chida chomwe chinapirira nkhondo ziwiri.

Anaipanga ndi John C. Garand, yemwe anabadwira ku Quebec m'dziko la Canada mu 1888 ndipo ankagwira ntchito ku fakitale ya boma ya Springfield Armory ku Massachusetts. Gulu lankhondo la America linaivomereza mu 1936. Pomwe asilikali ambiri a Britain, Germany ndi Japan ankakoka chotsekera ndi dzanja akawombera chipolopolo chilichonse, wa America ankawombera zipolopolo 8 motsatizana pongokoka kowombera. Zinapangidwa mfuti zoposa 5 miliyoni, ku Springfield ndi ku Winchester pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako ku Harrington & Richardson ndi ku International Harvester, kampani ya mathirakitala, m'zaka za m'ma 1950. Ya M14 inadzailowa m'malo kuyambira mu 1957.

Nkhani ya girizi imayambira pa mmene mfutiyi imagwirira ntchito. Chakumapeto kwa mpope, pansi pake, kuli kabowo kakang'ono. Chipolopolo chikadutsa pamenepo, mpweya wina wotentha wa onga umalowa m'kasilinda n'kukankha ndodo yaitali yachitsulo yomwe eni mfutizi amaitcha op rod. Ndodoyo imabwerera m'mbuyo mwamphamvu, imapotokola chotsekera, imachikokera kumbuyo, chikhungwa cha chipolopolo n'kuponyedwa kunja. Kenako sipuling'i imabwezera zonse kutsogolo ndi chipolopolo chatsopano. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo ndi chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake mopanikizika kwambiri.

Oyilo sakhalitsa pamalo otere. Amafinyika n'kuthawa, ndipo mvula imamukokolola. Asilikali anaziona okha kumayambiriro: mfuti zikanyowa pamvula yamphamvu, chotsekera chinkalimba n'kukanirira. Yankho linali girizi wosasungunuka ndi madzi wa Lubriplate 130-A, ndipo pambuyo pake anabweretsa wina wa Plastilube. Wa kabaza aliyense amadziwa kuti tcheni chimathiridwa oyilo koma mu habu mumalowa girizi. Pa Garand naponso malo aliwonse ali ndi mafuta ake. Chozungulira pa kamtanda chipatsidwe kadontho ka oyilo, chotsetsereka chipakidwe girizi.

Asanakhudze kalikonse, wosamalira mfutiyi amayamba wakokera ndodo kumbuyo mpaka itakodwa, n'kuyang'ana m'kati ndi maso ake kuti mulibe chipolopolo. Apa mpamene ambiri amalumidwa. Chotsekera chikangokodwa mwatheka, munthu n'kupisa chala chachikulu m'kati, sipuling'i imachimasula ndipo chimatswanya chalacho mpaka chikhadabo kuda. Bala limeneli n'lodziwika kwambiri moti lili ndi dzina lake pakati pa asilikali akale, M1 thumb.

Kuphwasula sikufuna sipanala. Kachitsulo kotchinga kowombera kamakokedwa, gawo lonse la kowombera limatuluka, ndipo mpope ndi bokosi lake zimachoka m'thabwa. Girizi amapakidwa ndi kaburashi kakang'ono kapena kamtengo ka thonje, mopyapyala, pa mano awiri a chotsekera ndi m'malo momwe manowo amakhala, m'tinjira ta m'kati mwa bokosi momwe chotsekera chimayenda, m'kanjira ka kunja komwe ndodo imatsetsereka, ndi pamphuno pa kanyundo. Malo ofunika kuposa onse ndi kamphako ka m'ndodo momwe dzino lakumanja la chotsekera limalowa, chifukwa m'menemo ndi momwe mphamvu yonse ya mpweya imasandukira kupotokola. Pansi pa mpope, pomwe ndodo imakhudza, pamafunanso pang'ono. Mfuti yakale imaloza yokha pofunika girizi: paliponse pomwe utoto wotuwa wa chitsulo wafufutika n'kusiya chitsulo chonyezimira, pamenepo pamakhulana.

Pali malo awiri omwe ayenera kukhala ouma, ndipo anthu achangu amalakwitsa pomwepa. Oyamba ndi kasilinda ka mpweya ndi mutu wa pisitoni. Izi anazipanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndipo kutentha kwa m'menemo kumawotcha mafuta alionse n'kuwasandutsa mwaye wolimba. Achiwiri ndi kanjira ka msomali wogunda chipolopolo. Msomali wa Garand ulibe sipuling'i youbweza, umangoyenda momasuka m'kati mwa chotsekera. Girizi wakale akauma n'kuumata uli chotulukira kutsogolo, mfuti itha kulira yokha pomwe chotsekera chikutseka. Ngozi imeneyi si yoseweretsa, ndipo imafika kwambiri pa mfuti zomwe zangochoka kosungira zili phaphatha ndi Cosmoline, phula lamafuta lomwe asilikali ankakutira nalo zida kuti zisachite dzimbiri. Phulalo ndi losungira basi. Liyenera kuchoka lonse, makamaka m'kati mwa chotsekera ndi mumpope, mfuti isanawombedwe.

Girizi nayenso ali ndi malire ake. Mu November ndi December 1950, pa nkhondo ya ku dziwe la Chosin ku Korea, kunazizira mpaka kutsika kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro. Mafuta a m'zida analimba, ndipo asilikali anaphunzira kupukuta mfuti zawo kuti ziume n'kumawombera choncho. Kumalo a mchenga ndi fumbi vuto ndi lina: girizi wochuluka amagwira mchengawo n'kuyamba kupala chitsulo.

Chomwe chinadya mipope yambiri ya Garand ndi mchere. Zipolopolo za asilikali za .30-06 za nthawi ya nkhondo yachiwiri zinali ndi kapsule yoyatsira onga yokhala ndi potassium chlorate, yomwe ikapsa imasiya mchere mumpope. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo dzimbiri limatha kuyamba tsiku lomwelo. Oyilo sausungunula, amangouphimba. Chimene chimauchotsa ndi madzi, makamaka otentha a sopo, kenako kuumitsa bwinobwino ndi kupaka oyilo pang'ono. America inasiya zipolopolo zotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, koma zakale za mayiko osiyanasiyana zikugulitsidwabe, choncho wogwiritsa ntchito zomwe sakudziwa chiyambi chake amachita bwino kutsuka ndi madzi mpope ndi kasilinda komwe.

Palinso kuwonongeka kobwera ndi kutsuka kumene. Bokosi la Garand ndi lotseka kumbuyo, motero ndodo yotsukira imalowera kukamwa kwa mpope. Ndodo ya asilikali inali yachitsulo, yolumikiza zidutswa, ndipo malo olumikizawo ankapala mizere ya pakamwa pa mpope nthawi iliyonse yomwe msilikali ankakonzekera kuti akuluakulu ayendere zida. Pakamwa pakaperepeseka, chipolopolo chimatuluka chopendekeka ndipo mfuti imayamba kumwaza. Masiku ano anthu amagwiritsa ntchito ndodo yosalumikiza yokutidwa ndi pulasitiki pamodzi ndi kachipewa koteteza pakamwa, kapena chingwe chokoka kuchokera kumbuyo. Amaigoneka mfutiyo chagada potsuka kuti mankhwala asatsikire m'kabowo ka mpweya. Kasilinda nako sikofunika kukachotsa kawirikawiri. Kamakhala pa timizere ta pampope, ndipo kakamachotsedwachotsedwa kamayamba kugwedera pamodzi ndi choyang'anira chakutsogolo chomwe chili pamwamba pake.

Thabwa lake, lomwe nthawi zambiri ndi la mtengo wa walnut, limamwa mafuta a linseed kapena a tung, opakidwa ndi dzanja pang'onopang'ono n'kupukuta otsala. Oyilo wa chitsulo amalifewetsa n'kulidetsa, n'chifukwa chake ena amaimika mfuti kukamwa kuli pansi akangoipaka. Nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha, motero ziyanikidwe panja kapena zimizidwe m'madzi. Posunga mfuti nthawi yaitali, eni ambiri amamasula kachitsulo kotchinga kowombera kuti thabwa lisafinyike, popeza kuthina kwa pamenepo ndi komwe kumagwira chitsulo kuti chisasunthe powombera.

Ndodo ija ya op rod imaoneka yokhota, ndipo alipo omwe anayesapo kuiwongola poganiza kuti inapindika. Kukhotako anakupanga dala kuti izidutsa bwino pansi pa mpope. Njira yoiyesera ndi yosavuta: atachotsa sipuling'i, munthu amapendeketsa mfuti m'mwamba ndi pansi, ndipo ndodo ndi chotsekera ziyenera kutsetsereka zokha ndi kulemera kwake. Chomwe chingaipinde moona ndi zipolopolo zina zamakono zosakira nyama, zomwe onga wake umapsa mochedwa n'kufika pa kabowo kaja ndi mphamvu yoposa yomwe Garand anaiwerengera. Amene akufuna kuzigwiritsa ntchito amaika chotsekera kasilinda chotulutsa mpweya wowonjezera.

Ku America, bungwe la Civilian Marksmanship Program, lomwe lili ndi malo ku Anniston ku Alabama ndi ku Camp Perry ku Ohio, limagulitsa mfutizi kwa nzika zokwaniritsa zofunika za malamulo, kuphatikizapo zomwe zinabwezedwa kuchokera ku Greece, Denmark ndi Philippines. Chaka chilichonse ku Camp Perry kumachitika mpikisano wotchedwa dzina la John C. Garand, komwe mfuti zopangidwa zaka zoposa 80 zapitazo zimawombera chandamale chomwe chili pamtunda wa mayadi 200.