Mwana waphunzira zamagetsi, nanga ntchito ya sola ailowa bwanji?

Makolo ambiri kuno ku Uliwa, Chilumba ndi Hara ali ndi dandaulo limodzi: mwana wamaliza maphunziro a zamagetsi, setifiketi ili m'chikwama, koma nyumba zofuna mawaya a ESCOM n'zowerengeka. Ukangopatuka pa msewu wa M1 kulowera kumidzi, mapolo sachedwa kutha, ngakhale siteshoni ya magetsi ya Wovwe ili pafupi pomwepa. Komwe mapolo atherako n'komwe kuli makasitomala a sola.

Amene anaphunzira kuyika mawaya m'nyumba wayenda kale theka la ulendo. Fiyuzi, switchi ndi kuyeza mphamvu amazidziwa. Chosintha n'chakuti magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, pamene sola ya pakhomo kawirikawiri imayendera batire ya mavoti 12. Mavoti akachepa, waya amasenza katundu wolemera. Chipangizo cha mawati 120 chimakoka pafupifupi theka la ampu pa ESCOM, koma pa batire chimakoka maampu 10. N'chifukwa chake kawaya kowonda kogula pamsika kamatentha, mphamvu n'kuthera m'njira. Ndipo musanyengedwe ndi mavoti 12 wo: batire mawaya ake akagundana popanda fiyuzi, nyumba ya udzu imapsa.

Koma luso lenileni, abale, ndi masamu. Aliyense atha kukhomerera panelo padenga; amene amalipidwa bwino ndi wodziwa kuwerengera asanagule kanthu. Tiyerekeze banja lili ndi mababu 4 a mawati 5, oyaka maola 5. Pamenepo ndi 100. Wailesi yakanema ya mawati 40, maola 4, ndi 160. Mafoni tiwapatse 40. Zonse pamodzi ndi 300 pa tsiku. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga 1,200, koma ngati ili ya asidi, yololedwa kudyapo ndi theka lokha, 600. Choncho banjalo lili ndi masiku awiri ngakhale kuchite mitambo. Panelo ya mawati 100 imabweza zimenezi tsiku la dzuwa labwino. Tsopano bambo akabwerako kunyanja ndi ndalama n'kugula filiji, masamu onsewa agwa, ndipo mmisiri woona ayenera kunena mosabisa kuti sola imeneyi siingathe.

Zina n'zazing'ono koma zimaonetsa amene anaphunziradi. Kuno kwathu panelo imayang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umadula mphamvu yambiri. Polumikiza, batire imayamba kulowa mu kontirola, panelo pambuyo.

Kunyanja ndiye kuli ntchito imene ambiri sanaione. Asodzi ambiri a usipa anasiya nyali za palafini, siginala akuwunikira ndi mababu a batire. Vuto lake, batire imakamidwa mpaka kuuma usiku ndi usiku, kenako n'kutchajidwa mothamanga, nthawi zina itasiyidwa padzuwa pamchenga. Kutentha kwa ku Karonga ndi kukamako kumapha batire msanga, mwini chilimira n'kumati anam'gulitsa yabodza. Mnyamata kapena mtsikana amene angatsegule malo otchajira ndi sola pafupi ndi doko, n'kumayeza batire iliyonse ndi kulangiza eni ake, sangasowe pogwira. Angodziwa kuti ntchitoyi imatsata mwezi: mdima ukagwa mabatire ndi ambiri, mwezi ukawala kapena mwera ukakula ndalama imachepa, ndiye nthawi yokonza zowonongeka ndi kuyendera alimi.

Kumunda nkhani ndi mapampu. Pampu ya sola siilira batire: dzuwa likatuluka imapopa, madzi n'kusungidwa m'thanki. Mmisiri ayenera kudziwa kuya kwa chitsime, kutalika kwa paipi ndi madzi amene dimba limamwa pa tsiku. Akaphonya apa, mlimi agula pampu yongodontheza.

Nanga akaphunzire kuti? Maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, ndipo m'makoleji ena muli kosi ya sola payokha. M'boma lathu lino muli koleji ya Ngara, imene inatsegulidwa mu 2015, ndi Miracle ku Karonga; chapafupi pali Livingstonia ndi Mzuzu Technical. Funsani kaye ku ofesi ya kolejiyo makosi amene alipo chaka chimenecho musanagulitse thumba la mpunga. Amene anakhoza bwino MSCE angayesenso Mzuzu University, komwe kuli digiri ya mphamvu zongowonjezereka. Akamaliza, ayambe wayenda ndi mmisiri wodziwa kale, kenako afunsire chilolezo ku MERA, chifukwa ntchito zikuluzikulu za m'sukulu ndi m'zipatala zimafuna mapepala.

Pa zida, ife tikuti asathamangire kuoda mapanelo ogulitsa. Choyamba kugula ndi mita yoyezera magetsi, kenako pulayazi, masikuludiraiva ndi makwerero olimba. Ndipo malata a kuno amawotcha dzuwa likangokwera, choncho zapadenga azithana nazo m'mamawa.